Magiya akulimba polowetsa, amakaniko akuti giyabokosi yatha. Ndigule ina?

Funso: Akatswiri ndithandizeni. Galimoto yanga ndi ya manyuwo, imakoka ndi matayala akutsogolo, ndi yakale ndithu koma imayenda bwinobwino. Masiku ano magiya akumalimba, makamaka wani ndi rivesi ndikaima, rivesiyo imachita kulira kuti khrrr isanalowe. Nthawi zina ndimakankha ndodo ndi manja awiri. Amakaniko ena angoyendetsa pang'ono n'kunena kuti giyabokosi yatha tigule ina. Ndichite bwanji?

Yankho: Achimwene, musagule kaye giyabokosi, ndipo musalole munthu aitsitse asanayese zinthu zimene ndinene apazi. Mmene mwafotokozeramu, wani ndi rivesi kulimba mutaima, rivesi kulira, ine chala changa chikuloza kilatchi osati giyabokosi. Giyabokosi ya manyuwo ndi chinthu cholimba kwambiri, siingodzuka tsiku limodzi n'kuyamba kukana wani ndi rivesi pamodzi. Kuchoka padzanja lanu kukafika pa mano a magiya pali malo atatu pomwe vuto lingabisale, pali ndodo ndi makebulo ake, pali kilatchi, ndiye pali mkati mwa giyabokosimo. Awiri oyambawo ndi amene amavuta kawirikawiri ndipo ambiri mwa mavuto ake amakonzeka giyabokosi ili pamalo pake.

Yambani ndi ichi, sichifuna sipanala olo imodzi. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, zimitsani injini. Pondani kilatchi mulowetse magiya onse, wani mpaka faifi kenako rivesi, muzimva mmene dzanja likuvutikira. Mukatero lizani injini mubwereze zomwezo. Ngati injini ili chete magiya akulowa mofewa koma mukangoiliza akuyamba kukana, nkhani ndi ya kilatchi basi. Ndodo ndi yomweyo, makebulo ndi omwewo, chasintha ndi chimodzi chokha, injini ikuzungulira ndipo kilatchi ikulephera kuilekanitsa ndi giyabokosi. Koma ngati ndodo ikulimba chimodzimodzi injini yolira ndi yozima yomwe, kilatchi isiyeni kaye, vuto lili kumakebulo a ndodo kapena kumabushi, timphira kapena tipulasitiki ta kumapeto kwa makebulowo. Injini ili yozima giya imodzi itha kukana kamodzi, makamaka rivesi, chifukwa mano angoima moyang'anizana. Zimenezo zisakuwopseni, lowetsani giya ina mubwererenso, ilowa.

Mwina mukudabwa kuti bwanji wani ndi rivesi zokha. Mukaponda kilatchi, puleti imayenera kumasuka yonse kuti shafiti yolowa m'giyabokosi isiye kuzungulira. Ikangomasuka theka shafiti ija imapitirizabe kukokedwa ndi injini. Galimoto ikuyenda simuzimva kwambiri, sinanga zonse mkatimo zikuzungulira kale. Koma mutaima mbali ya matayala ili duu pomwe mbali ya injini ikuzungulirabe, ndiye synchro ya giya wani ikulimbana ndi injini. Synchro ndi kamphete, nthawi zambiri ka mkuwa, kamene kamayamba kakhudza giya n'kuifananitsa liwiro mano asanalumane, monga mmene mumagwirira tayala la njinga ndi chikhatho kuti lisiye kuzungulira. Liwiro lisanafanane kampheteka kamatsekereza njira dala, n'chifukwa chake ndodo imangokana olo mukankhe bwanji. Tsono rivesi pa magalimoto ambiri makamaka akale ilibe synchro, ndiye iyo siikana mwaulemu, imangokukuta mano, ndi khrrr mukumvayo.

Kuti mutsimikize, injini ikulira pondani kilatchi mpaka pansi, werengani mpaka faifi, ndiye mulowetse rivesi. Kilatchi yabwino pamenepo shafiti imakhala yaima kale, rivesi imalowa mwakachetechete. Ikaliranso ndiye kuti chilipo chikuizungulitsabe. Yesaninso chonchi, lowetsani kaye giya folo, kenako osachotsa phazi pitani pa rivesi mwachangu, mupeza kuti yalowa bwino chifukwa synchro ya folo yaimitsa shafiti. Bwererani pa nyutulo phazi likadali pansi, dikirani pang'ono, yesaninso rivesi. Ikalira apa palibenso zokambirana, kilatchi ikukoka. Ndipo muone ngati galimoto ikufuna kuyenda yokha muli pa wani phazi lili pansi, kapena ngati ikumagwira pedulo itangochoka pansi pang'ono chabe.

Ndiye n'chiyani chimalepheretsa kilatchi kumasuka? Yambani kumapazi kwanu, musaseke. Kapeti yokhuthala kapena yopindika pansi pa pedulo imadya sentimita imodzi kapena ziwiri, ndipo sentimita zimenezo ndi zomwe kilatchi imafuna kuti imalize kumasuka. Ichotseni muyesenso.

Zikapanda kusintha tsegulani boneti muone fuluwidi. Magalimoto ambiri kilatchi yake imayendera buleki fuluwidi, ena ali ndi kabotolo kakekake pafupi ndi ka mabuleki, ena amamwera m'botolo limodzi ndi mabuleki. Pa amene amamwera limodziwo kapaipi ka kilatchi kamakhala cham'mwamba mwa botolo, anachita dala kuti fuluwidi akamatsika kilatchi iyambe ndiyo kuvuta mabuleki akadali ndi wokwanira, ndiye mutha kuyang'ana botolo n'kumati fuluwidi alimo pomwe kilatchi yayamba kale kumwa mpweya. Pachivindikiro amalemba mtundu wake, DOT 3 kapena DOT 4, thirani womwewo. Musayerekeze kuthiramo oyilo wa injini kapena wa pawa sitiyaling'i, amafufumitsa timphira tonse ta mkati ndipo mudzasintha chilichonse. Komanso fuluwidiyu amadya penti, akadonthera pa bodi tsukani ndi madzi pompo.

Koma kungothira sikukonza, fuluwidi sauluka, ngati watsika alipo pomwe akutulukira. Tengani tochi mulowetse mutu pansi pa chiwongolero, muyang'ane pamwamba pa pedulo ya kilatchi pomwe kachitsulo kamalowa mu master cylinder, kansilinda kamene kamakankha fuluwidi mukaponda pedulo. Pakakhala ponyowa, kapena penti yatuwa ndi kusupuka motsetsereka mpaka pa kapeti, master yatha. Kenako pitani pa giyabokosi pomwe pali slave cylinder, kansilinda kakang'ono kamene kamakankha foloko ya kilatchi. Funyululani kamphira kake kotchinga fumbi, mkatimo muyenera kukhala mouma, mukatuluka fuluwidi slave ndiyo yatha. Muli pomwepo muuze mnzanu aponde kilatchi inu mukuyang'ana kachitsulo ka slave. Kayenera kutuluka bwino n'kukhala pomwepo nthawi yonse imene iye waponda. Kakamabwerera pang'onopang'ono iye asanachotse phazi ndiye kuti master ikutaya mphamvu mkati mwake momwemo, fuluwidi akudutsa m'mbali mwa kamphira kubwerera m'botolo, kunja simuona dontho olo limodzi. Imeneyi ndi imene imapusitsa anthu ambiri, amati palibe pakudontha ndiye kilatchi ili bwino, n'kuyamba kunamizira giyabokosi. Yang'ananinso kapaipi ka mphira kopita ku slave, kakakalamba kamatupa mnzanu akaponda, mphamvu n'kuthera pomwepo.

Njira ina yachidule, popani pedulo kanayi kapena kasanu mwachangu kenako mulowetse wani. Ikalowa mofewa mutapopa ndiye kuti muli mpweya kapena master yatopa. Mpweya amachotsa pobulida, pa slave pali kanati kake, mmodzi amaponda wina amamasula kanatiko kuti fuluwidi ndi thovu zituluke n'kumanganso phazi lisanachoke, kubwereza mpaka atuluke woyera wopanda thovu, botolo osalilola liume. Ngati fuluwidi wachita kuda bii msintheni yense, amayamwa chinyezi pakapita nthawi, opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri koma wa kilatchi anthu amangomuiwala. Ine maganizo anga ngati imodzi mwa master ndi slave yatha pa galimoto yakale sinthani zonse, zinakalamba limodzi, yatsopanoyo ikabwera ndi mphamvu zake imangomaliza inzake ija. Chovuta n'chakuti magalimoto ena slave yake ili mkati, yozungulira shafiti pamodzi ndi release bearing, bering'i imene imakankha kilatchi kuti imasuke, imeneyo mumaidziwa fuluwidi akamadontha pansi pomwe injini ndi giyabokosi zakumana. Kuti muisinthe giyabokosi imatsika ndithu, koma kutsitsa ndi kugula ina ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Ngati yanuyo kilatchi yake ndi ya kebulo ndiye zaphweka. Kebulo imatamuka, ndipo kumapeto kwake ku giyabokosi nthawi zambiri kumakhala nati yokokera. Kankhani pedulo ndi chala, kampata kopepuka kaja isanayambe kulimba kazikhala sentimita imodzi kapena ziwiri, buku la galimoto yanu lili ndi muyezo wake weniweni. Kakakula kwambiri kilatchi siimasuka yonse. Kakasowa kotheratu kilatchi imayamba kutsetsereka n'kupsa, ndiye musamange nati mpaka kumapeto poganiza kuti mukukometsa. Kebulo yoti timawaya tayamba kuthothoka isintheni isanadukire panjira.

Zonsezi zikakhala bwino koma kilatchi ikukokabe, vuto lili pa kilatchi penipenipo. Puleti itha kupindika ndi kutentha, kasipuling'i kake katha kuthyoka n'kukakamira pakati, timizere ta shafiti pomwe puleti imasendera titha kuchita dzimbiri makamaka galimoto ikakhalitsa osayenda kapena ikadutsa m'madzi akuya, oyilo wodontha kuchokera ku siyilo ya kumbuyo kwa injini amapangitsa puleti kumata, foloko nayo imang'aluka. Apa ndi poti giyabokosi itsike muikemo kilatchi yonse, puleti, pulesha puleti ndi release bearing, osati kusankhamo chimodzi. Chinthu chimodzi choti musasokoneze, kilatchi yongotha chifukwa cha ukalamba nthawi zambiri imatsetsereka, injini kulira kwambiri galimoto osathamanga makamaka pamtunda. Kukoka ndi matenda ena. Ndiye wina akakuuzani kuti kilatchi ili bwino chifukwa siikutsetsereka, sanayankhe funso lanu. Muyang'anenso kuti injini ikatentha ikuima pati, zambiri zimakhala pakati pa 700 ndi 900 RPM (kuzungulira kwa injini pa mphindi), ikamakhala cha ku 1500 wani ndi rivesi zimavuta ngakhale kilatchi ilibe vuto lalikulu.

Tsono tibwerere kuja, ngati munapeza kuti ndodo ikulimba olo injini ili yozima. Pa magalimoto okoka ndi kutsogolo ngati yanuyo, ambiri ndodo siilowa m'giyabokosi, imalumikizidwa ndi makebulo awiri, ina imagwira ntchito mukamapititsa ndodo kumanzere ndi kumanja, ina kutsogolo ndi kumbuyo. Ena akale ali ndi chitsulo chachitali chodutsa kunsi. Ikani pa nyutulo, kankhirani ndodo kumanzere muisiye, iyenera kubwerera yokha pakati pomwe pali filii ndi folo. Ikakhala komweko kapena ikamabwerera mwaulesi, kawirikawiri ndi kamkono ka pamwamba pa giyabokosi kamene kauma ndi dzimbiri, sinanga kamakhala panja madzi ndi fumbi zikukapeza.

Kuti mudziwe mbali yolakwa, masulani makebulo onse awiri ku giyabokosi. Amagwidwa ndi timapini kapena tikilipi, nthawi zambiri mumayamba mwachotsa bokosi la eya fyuluta kapena batire kuti dzanja lifike. Jambulani ndi foni musanachotse kanthu, timawashala timeneti timasokoneza pobwezera, ndipo ngati pali poti anachita kutchuna utali wa kebulo ikanipo chizindikiro. Mukamasula lowani mkati mugwedeze ndodo, iyenera kukhala lendelende yoyenda ndi chala chimodzi. Ikalimbabe vuto ndi kebulo kapena kampira ka pansi pa ndodo. Ikafewa pitani mukasunthe timikono ta pa giyabokosi ndi dzanja, kamene kakukana kamasuleni, palani dzimbiri ndi sandipepala wosalala mpaka chitsulo chiwale, pakani girizi, bwezerani. Ntchito yake ndi yochepa koma galimoto imasintha moti simungakhulupirire. Pa chitsulo ndi chitsulo girizi wamba wa lithium ali bwino, pomwe pali pulasitiki kapena mphira pakani wa silicone chifukwa winayo amawononga mphira zina. WD-40 amathandiza kumasula chomwe chagwirana koma sakhalitsa, mukangopopera n'kusiya pakatha masabata ochepa mubwereranso pomwepo.

Kebulo yokha ikalimba mkati musataye nthawi kuithira oyilo. Mkati mwake muli kapulasitiki koterera, kamphira ka kumapeto kakang'ambika madzi amalowa waya n'kuchita dzimbiri, kapena kebulo ikagona pafupi ndi ekizozi kapulasitikiko kamasungunuka. Imeneyo ndi yosintha basi. Mabushi a kumapeto kwa makebulo akatha ndodo imakhala yogwedera koma giya osalowa, chifukwa dzanja lanu layenda mtunda wonse pomwe ku giyabokosi kwangofika theka. Ndipo kwezani kachikopa kophimba ndodo muone pansi pake, makobidi, zivindikiro za mabotolo ndi timiyala zimagwera mmenemo n'kutchinga giya imodzi. Ma mounting, mphira zimene injini ndi giyabokosi zimakhalira, nawo muwayang'ane, akaduka zonse zimapendekeka ndipo magiya amalimba makamaka ponyamuka kapena pamtunda, mumamvanso kugunda mukamachotsa phazi pa kilatchi.

Za oyilo ndinenepo ndithu chifukwa apa ndi pomwe anthu amadziwonongera okha giyabokosi yabwinobwino. Chizindikiro chake n'chakuti m'mawa galimoto ikadali yozizira magiya amalimba makamaka thuu, mukayenda mphindi 10 kapena 15 amafewa. Kulimba pang'ono kukazizira n'kwachibadwa, koma kukafika pochita kulimbana nayo ndiye kuti oyilo ndi wokalamba, wachepa kapena ndi wolakwika. Ambiri amaganiza kuti oyilo wa magiya ndi mmodzi, amangotenga wolemera wa difu monga 85W-140 n'kuthira, eti kuti magiya atetezeke bwino. Synchro imagwira ntchito pokhulana, imayenera kukankha oyilo achoke kuti mkuwa ukhudze chitsulo, oyilo akalemera kwambiri imachedwa kugwira, inu n'kumamva kulimba. Magiyabokosi ambiri a galimoto zing'onozing'ono amafuna 75W-80 kapena 75W-90, ena amafuna oyilo wawowawo ngati Honda, ena mpaka amathira ATF, oyilo wa magiyabokosi a otomatiki. Palinso zilembo zija GL-4 ndi GL-5. Anthu amaona 5 n'kumati ndi wabwino kuposa 4, ayi, GL-5 anapangira difu, ali ndi mankhwala ambiri a sulfure ndi phosphorus amene amatereretsa mopitirira zomwe synchro imafuna ndipo ena amadya mkuwa pang'onopang'ono. Buku likati GL-4 thirani GL-4, likalola GL-5 ndi pomwe mungathire. Zothira zina zija amati zimafewetsa magiya ine sindizilimbikitsa, chilichonse chowonjezera kuterera chikulanda synchro ntchito.

Posintha, galimoto ikhale yowongoka ndipo ikhale pa masitandi, osalowa kunsi itangokhala pa jeke. Yambani kumasula bawuti yothirira, ya m'mbali, musanakhudze yokhetsera ya pansi. Mukayamba ndi yapansi oyilo yense n'kutuluka kenako yam'mbali n'kukana kumasuka, mwatsala ndi galimoto yoti singayende. Pa magiyabokosi ambiri muyezo ndi pakamwa pa bowo lothiriralo, mukapisa chala muyenera kumukhudza oyilo, pothira mumasiya akayamba kubwerera. Galimoto yaing'ono imamwa malita awiri kapena kupitirira pang'ono. Oyilo wakaleyo musathamangire kumutaya, mukhetsereni m'chiwiya choyera mupite naye padzuwa. Bawuti yapansi nthawi zambiri ili ndi maginito, tiphulusa tachitsulo tosalala ngati matope n'tachibadwa, koma tizidutswa toti mutha kutitola ndi zala ndi nkhani ina. Oyilo akamanyezimira ngati muli golide ndi mkuwa wa synchro umenewo. Akakhala wotuwa ngati mkaka mwalowa madzi. Akatuluka wochepa kwambiri fufuzani masiyilo pomwe ma driveshaft, mashafiti opita ku matayala, amalowera.

Ndiye giyabokosi imakhala yolakwa liti? Synchro ikatha siivutitsa magiya onse, imasankha imodzi, kawirikawiri thuu kapena filii chifukwa ndi zomwe zimagwira ntchito kwambiri, ndipo imalira galimoto ikuyenda, makamaka mukasintha mwachangu kapena mukutsika kuchoka pa filii kupita pa thuu. Yesani kuponda kawiri, pondani mutulutse giya kufika pa nyutulo, chotsani phazi, ngati mukutsika giya pondani mafuta pang'ono, pondaninso kilatchi mulowetse. Ikalowa bwino mwanjira imeneyi pomwe mwachizolowezi imalira, synchro ya giya imeneyo yatha, mwaigwirira ntchito yake ndinu. Giya yomatuluka yokha mukuyenda, kulira kwa huuu kosintha ndi liwiro, tizidutswa pa maginito paja, izi ndiye za mkati zenizeni. Olo zitatero giyabokosi imatsegulidwa n'kusintha mphete ndi mabering'i, sikuti nthawi zonse mpaka kugula ina, ndipo yogula yakale simudziwa kuti synchro zake zatsala bwanji mpaka itamangidwa. Inu simunatchule chilichonse mwa zimenezi, n'chifukwa chake ndikukana zoti yatha. Amakaniko anuwo afunseni kuti ayesa chiyani kuti afike pamenepo, ngati sanayese injini yozima, sanayang'ane fuluwidi, sanamasule kebulo, pitani kwa ena akaoneko.

Pakadali pano zokankha ndi manja awirizo musiye lero lomwe. Mukamakakamiza mukupinda mafoloko a mkati, mukutamula makebulo ndipo mukupala synchro ya wani, mapeto ake giyabokosi imene inalibe vuto idzathadi. Ikakana wani bwererani pa nyutulo, popani kilatchi, lowetsani thuu kaye kenako wani. Rivesi muzidzera pa giya ya kutsogolo ngati ndinanenera muja. Ikakanitsitsa zimitsani injini, lowetsani giya, pondani kilatchi ndi buleki ndiye mulize, koma onetsetsani kuti kutsogolo ndi kumbuyo kulibe munthu chifukwa kilatchi yokoka galimoto imatha kudumpha. Zimenezi ndi zongokufikitsani kugalaja, ndipo ngati botolo la fuluwidi ndi limodzi ndi la mabuleki ndipo mwapeza kuti latsika, musayende nayo mpaka mutadziwa kuti akudontha ndi mbali iti.